Lamulungu Limene Ndinapeza Achimwene ku Pitoliya

Anzanga ambiri ankapita ku Joni kukafuna njinga ndi masuti. Nanenso ndinkazifuna zimenezo, sindinganame, chifukwa tiyi amene tinkathyola ku esiteti ya kuseri kwa Chitakale sankatisiyira kanthu koma msana wopweteka ndi miyendo yonyowa mame. Koma ine ndinanyamuka nditasenzanso katundu wina amene sanali wanga.

Achimwene anga, a Yonasi, anachoka kwathu njala yaikulu ija isanagwe, ine ndisanamere ndevu. Anasiya mkazi, alamu anga a Esinati, ku Chonde kumene ankakhala pa chikamwini. Makalata anabwera zaka ziwiri zoyamba, kenaka zii. Bambo atamwalira tinalemba kalata, koma yankho silinabwere. Anthu anayamba kunena poyera kuti a Yonasi ndi mtchona, ndipo amayi akamva mawu amenewo ankangonyamula khasu n'kupita kumunda, ngakhale dzuwa lili paliwombo.

Tsiku lonyamuka, atsibweni awo a Esinati anandipeza pamsewu ndikudikira lole. Anati, "Mwana wathu wakhala zaka zonsezi ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo mwiniwake atasamuka. Mukawapeza akulu anuwo, anene chimodzi: abwera, kapena am'masule." Amayi sananene zambiri. Anangondigwira mkono n'kulankhula m'Chilomwe, monga ankachitira nkhani ikakhala yolemera, kuti ndikamuone mwana wawo ndi maso anga, osati zongomva.

Ndinavomera zonse mosavuta. Ndinkaganiza kuti Joni ndi ngati Limbe, kuti ukafunsa pamsika wina akulozera.

Za ndege imene inatinyamula ndi sitima imene inatitsiriza ulendo sindikumbuka zambiri, koma kusanza ndi ludzu. Chimene ndimakumbuka bwino ndi komboni. Tinkagona amuna makumi awiri chipinda chimodzi, pa mabedi a simenti osanjikizana, mbaula ili pakati. Kusanache chikepe chinkatimeza n'kutitsitsa pansi pa dziko, kumene kunkatentha ngati m'ng'anjo ya njerwa. Ntchito yanga inali ya fosholo, kukweza miyala m'ngolo nditawerama, chifukwa malo ena denga linali lofika m'chiuno. Amene ankagona pamwamba panga anali Makwinja, wa ku Thuchila, munthu wamfupi, wolongolola, wosatha kukhala pansi. Iyeyo ndi amene anandikoka lamba tsiku lina mwala utasweka padenga n'kugwera pomwe ndinali nditaima. Sanafune n'kuthokozedwa komwe. Anangoti, "Ukafa iwe, nanga ine ndizidandaulira ndani za kalongonda, nyemba za kwathu zija?"

Lamulungu lililonse ndinkayenda m'zipinda ndi m'makomboni oyandikana nawo kufunsa za achimwene. Ena ankandiseka. Ena ankati a Yonasi alipo ambiri, ndikufuna wamtali kapena wakufa? Chaka chinatha chonchi, ndipo mtima wanga sunkakhazikika. Ndikalandira kalata yochokera kumudzi ndinkachita mantha kuitsegula, podziwa kuti mzere womaliza ukhala womwewo: kodi wamupeza?

Kenaka kunabwera mkulu wina wa ku Phalombe amene ankayenda m'makomboni kugulitsa majekete akale. Nditamufunsa anakanda kumutu.

"Yonasi wa chipsera pachipumi? Woyenda ngati akuthamangira mvula?"

"Omwewo!"

"Ameneyotu anasiya kalekale za mgodi. Ali ku Pitoliya, kulikulu la dziko lino. Amalima maluwa pa nyumba zikuluzikulu za boma zimene zili paphiri."

Zinanditengera milungu itatu kupempha chitupa choyendera. Pomaliza kalaliki wa pakomboni anatilembera cha tsiku limodzi, ine ndi Makwinja, n'kutiuza kuti belu la sikisi koloko madzulo likatipeze tili mkati mwa geti. Tikachedwa, tiwerengedwa othawa ntchito. Makwinja sankawadziwa n'komwe achimwene anga. Iye anali atamva kuti ku Pitoliya kuli malo osungirako nyama, ndipo ankafuna kukaona mkango ndi maso kuti akasimbe ku Thuchila.

Tinatsika sitima cha m'ma naini. Unali mwezi wotentha, mvula isanayambe, ndipo mzinda wonse unali utavala maluwa a jakaranda. Mtengowo timaudziwa, ulipo ndi kwathu komwe pa boma, koma kumeneko unali mizeremizere mbali zonse za msewu, maluwa atayoyoka pansi moti tinkaponda pofewa. Makwinja anavula chipewa.

"Iwe, kodi anthu a kuno amafanso?"

"Tiye, nthawi ikutha," ndinatero.

Msewu wochokera kusiteshoni unali wowongoka ngati mzere wa tiyi, ndipo unatifikitsa pabwalo lalikulu lozunguliridwa ndi nyumba zakale za miyala. Pakati pake panali chifanizo cha mkuwa cha nkhalamba yandevu yovala chipewa chachitali, m'munsi mwake mutakhala amuna anayi a mfuti, nawonso a mkuwa. Nkhunda zinali zitam'yeretsa mapewa mkuluyo. Makwinja anazungulira kawiri konse, akufunsa ngati mkati mwake muli munthu weniweni. Ine maso anga anali pa wotchi ya pansanja ya nyumba ina. Ndinafunsa njira kwa mayi wina amene ankakankha mwana wa mzungu pa kangolo, m'chilankhulo chosakanizasakaniza cha kumgodi chija. Anandiyang'ana nsapato, n'kuloza kum'mawa.

Mabasi amene ankatidutsa sanali a anthu akuda. Tinayenda wapansi pafupifupi ola lathunthu, nsapato zanga zatsopano zikundidya zidendene.

Nyumba zija tinaziona tili kutali. Zinali paphiri, za miyala yofiirira, zopindika ngati chikwakwa, nsanja ziwiri uku ndi uku. Kutsogolo kwake dimba linkatsika masitepemasitepe mpaka kumsewu, kapinga wometedwa bwino, maluwa obzalidwa mwa mitundu yake. Kunena zoona ndinali ndisanaonepo chinthu chotero. Pa sitepe yachitatu tinapeza amuna angapo akuthirira. Nditatchula dzina, mmodzi anaseka n'kukuwa, "Jonasi! Anyasa anzako awa!"

Munthu amene anagwada pa bedi la maluwa ofiira anatembenuka. Anali atanenepa, imvi zitayamba m'mbali, koma chipsera chinali pomwepo. Dzanja lake lamanzere linalibe zala ziwiri.

Ndinavula chipewa n'kuwomba m'manja mwa kwathu. "Muli bwanji, achimwene?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, madzi a m'paipi akuwanyowetsa bondo osazindikira. Kenaka ananditchula dzina langa laubwana, limene palibe anali atalitchula chichokereni iwo. Anandigwira mapewa, kundigwedeza, kundiyang'ana ndevu. Ndinaganiza kuti tsopano tikhala pansi. Koma anangopukuta manja pa ovololo n'kunena mofulumira, Chinyanja chawo chitapindika ngati cha mlendo:

"Mwabwera tsiku labwino. Ndiweruka pompano. Mizinga mwaiona? Simunaione? Tiyeni!"

Kuyambira pamenepo achimwene sanatsekenso pakamwa. Ankayenda patsogolo ndi liwiro lawo lija, ife tikutsatira. Anationetsa mizinga yakale imene anati inachokera ku nkhondo. Anationetsa munthu wa mkuwa wokwera hatchi. Anatikweza masitepe mpaka pamwamba, pamene mzinda wonse unkaoneka uli phee pansi pa maluwa ake, ndipo kutsidya, paphiri lina, panali chinyumba chonga bokosi chimene anati Mabunu anamanga pokumbukira makolo awo amene anabwera ndi ngolo za ng'ombe.

"Achimwene," ndinayamba, "kumudzi..."

"Ukuona mawindo awo? M'menemo ndi mmene amakhala akuluakulu olemba malamulo. Chitupa chili m'thumba lakocho chinabadwira m'menemo. Miyezi ina amasamukira kunyanja, ku Kepi, ndiye kuno kumatsala ife ndi mbalame."

"Alamu anga a Esinati..."

"Maluwa awa ndinabzala ndine. Mzere wonsewu. Mzungu amangoloza ndi ndodo."

Makwinja, amene miyendo inali itamutopa, anafuna kukhala pa benchi yobiriwira pansi pa mtengo. Achimwene anamugwira kolala asanafike.

"Iyayi, m'bale. Imeneyo timaipukuta chabe."

Tinatsika phiri dzuwa lili pamutu, n'kubwerera m'tauni ndi msewu wautali uja. Iwo ankatchula dzina la tchalitchi chilichonse, sitolo iliyonse. Pabwalo lija anatilozera nyumba ya milandu ya nsanamira zikuluzikulu, n'kutsitsa mawu: "Umo munthu akalowa ndi mlandu waukulu, abale amayamba kulira asanatuluke." Anatilozeranso nyumba yakale ya boma la Mabunu, imene pamwamba pake panaima chifanizo cha mkazi. Tili chiyang'anire m'mwamba choncho, wapolisi wachizungu anatiimitsa. Ndinaona achimwene anga, amene kwathu ankagwetsa amuna anzawo pa masewera olimbana, atafinya chipewa pachifuwa, akumwetulira ndi mano onse, akulankhula Chibunu mofewa ngati mwana wopempha mchere. Wapolisiyo anawerenga zitupa zathu, anagogoda ndi chala pa wotchi yake, n'kutiponyera zitupazo. Atapita, achimwene sanandiyang'ane kumaso.

"Njala," anatero. "Tiyeni kwa Amwenye."

Anatitengera ku chigawo china cha mzinda, cha tinjira topapatiza ndi timasitolo togundana, kumene kunali fungo la tsabola ndi nyimbo za galamafoni. Kumeneko anthu akuda ankayenda momasuka. Anatigulira buledi, nyemba za tsabola ndi tiyi wa mkaka, ndipo tinadya chiimirire pakhonde. Ndinati mwina tiyi ameneyu ndi wa ku Mulanje, mwina anathyola ndi alamu anga. Iwo anatsokomola, n'kuloza nyumba ya kanema kutsidya kwa msewu, n'kuyamba kufotokoza mmene azungu a m'kanema amawomberana pa mahatchi.

Wotchi ya m'sitolo inali itadutsa thu koloko. Sitima yathu inali ya folo.

Potuluka anaima pa sitolo ya nsalu n'kusankha duku wachikasu wa madontho. Ndinati basi, ayamba kufewa, mphatso iyi andipatsira. Koma anam'pinda bwinobwino n'kumuika m'thumba lawo lamkati. Makwinja, amene sankadziwa kusunga funso, anati:

"Dukuyo ndi wa amayi kumudzi, kapena wa akazi anu?"

Achimwene anayang'ana pansi. "Ndi wa mayi wa ana anga. Ndili ndi ana atatu ku lokesheni." Ndipo asanapume n'komwe anapitiriza, "Koma inu simunaone mikango! Si patali, tingodutsa apa, tikhote..."

"Sindinabwere kudzaona mikango ine!"

Ndinakuwa, ine mng'ono, pamaso pa anthu. Mmwenye wa sitolo anasuzumira. Makwinja anati akukagula fodya, n'kutsogola yekha kulowera kusiteshoni, ngakhale sankasuta.

Ine ndi achimwene tinayenda mpaka tinafika pa khoma lina lalitali pafupi ndi njanji. Pamenepo achimwene anatsamira khomalo, n'kutulutsa dzanja lopanda zala lija.

"Ichi chinachitika chaka chachitatu," anatero. "Ngolo inandipana. Nditatuluka m'chipatala anati ntchito ya pansi yatha, ndizipita kwathu. Ndipite ndi chiyani? Bokosi langa linali ndi bulangete limodzi. Ndinachoka ku Chonde ndikulonjeza nyumba ya malata, ndibwerere ndi zala zitatu? Ndinati ndiyambe ndapeza kanthu, chaka chimodzi chokha. Ndinathawira kuno. Ndinagona m'mipanda ya anthu. Mayi ameneyu ndi amene ankandipatsa chakudya nditadwala chifuwa, wosandidziwa n'komwe."

"Kalata ya maliro a bambo munailandira?"

"Inandipeza patapita miyezi inayi. Ndikanabwera kudzalira maliro ati? Ndinati ndilemba mawa. Mphwanga, chaka chikapita osalemba, chachiwiri cholembera chimalemera ngati mtsiro wa mwala. Chachitatu sungachinyamulenso."

Ndinawauza mawu a atsibweni awo a Esinati, ndendende mmene anandiuzira, ndi za mbuzi zomwe. Anatseka maso.

"Ukamuuze kuti ndam'masula. Akwatiwe. Ukanene pamaso pa ankhoswe kuti iye alibe mlandu, wolakwa ndine."

Ndinadikira. Ndinkadziwa kuti latsala funso limodzi. Tsiku lonse anali atandionetsa mizinga, mahatchi ndi mawindo, koma sanafunse za amayi. Lero ndikudziwa kuti ankaopa yankho. Anali atamva kale za maliro amodzi mochedwa, ndipo sankafuna kumva achiwiri ali chiimire pamsewu. Koma tsiku limenelo ndinali wokwiya, zidendene zikutuluka magazi, ndipo ndinati mumtima: ngati safunsa, sindinena. Afunse okha. Mayi ndi wawonso.

Sanafunse, nanenso sindinanene.

Pasiteshoni anatiperekeza mpaka kumapeto kwa pulatifomu, kumene kunkaima mabogi a anthu akuda. Kunali chikhamu cha anthu obwerera kuntchito, akazi ndi mitolo, amuna ena ataledzera. Tinagwirana chanza ngati anthu odziwana pamsika. Anandiuza kuti ndizisamala miyala ya padenga. Ine ndinati zikomo chifukwa cha tiyi. Tinakankhana mpaka kulowa, ndipo ndinapezeka ndaima pakati pa bogi, kutali ndi windo.

Wenzulo inalira, sitima inagwedezeka. Pamenepo ndi pamene ndinamva mawu awo panja, osati m'Chinyanja chopindika chija, koma m'Chilomwe choyera cha pakhomo pathu, akukuwa ngati munthu amene nyumba yake ikupsa:

"Amayi! Kodi amayi alipo?"

Ndinaponda mapazi a anthu, ndinagwetsa mtolo wa mayi wina, wina ananditukwana. Makwinja anandikankha kumsana mpaka mutu wanga unatuluka pawindo. Achimwene ankathamanga m'mbali mwa sitima, chipewa chitagwa, koma anali atatsalira kale mabogi awiri.

"Alipo!" ndinakuwa. "Alipo! Ali moyo!"

Magudumu ankalira pa njanji, m'bogi lotsatira anthu ankaimba. Ndinawaona ataima pamene pulatifomu inathera, dzanja lopanda zala lija ataliika kukhutu. Kenaka sitima inakhota.

Tinalowa pageti la komboni belu likulira, tikuthamanga, nsapato ndili nazo m'manja. Makwinja sanandidandaulire za mikango, ngakhale tsiku limodzi. Anthu a m'chipinda akamufunsa zimene anaona ku Pitoliya, ankasimba za nkhalamba ya mkuwa ndi nkhunda zake mpaka onse kuseka, ndipo za ine sankanenapo kanthu.

Ndinalemba makalata awiri, pa envelopu n'kulemba kuti Jonasi, monga ankawatchulira kumeneko, wolima maluwa, nyumba za boma, Pitoliya. Sindidziwa ngati kalata yotere imafika. Ndinapemphanso chitupa, koma kalaliki anati ndinapita kale, apiteko ena. Miyezi imene inatsala ndinkagwira fosholo ngati wamisala kuti ndisaganize. Kenaka nthawi yanga inakwana, anatikweza sitima, ndipo njira yobwerera sinadutse kumeneko.

Ndinafika kwathu nthawi ya chiperoni, phiri litabisala mu nkhungu. Ndinayamba ndatsikira ku Chonde kuti nditule katundu wa eni ake. Ndinapeza alamu anga a Esinati akuyanika makaka a chinangwa pamphasa, kumsana kuli khanda. Atsibweni awo anali atatopa kudikira, ankhoswe anakumana ine kulibe, ndipo a Esinati anakwatiwa ndi bambo wina wogwira ntchito ku fakitale ya tiyi. Ndinawauzabe mawu aja, poti ndinatumidwa. Anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mwana.

"Ati andimasula?" Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Mwavutika nawo mawuwo, alamu, kuwanyamula ulendo wonsewo. Chingwecho chinaola chokha." Anatembenuza makaka awiri atatu, kenaka anafunsa osandiyang'ana, "Koma akudya bwino?"

Ndinati akudya bwino.

Amayi ndinawapeza pakhonde akusola nandolo. Anali atachepa thupi, maso atayamba kuchita nkhungu. Sanayang'ane bokosi langa, kapena bulangete limene ndinawagulira. Anandikhazika pamphasa, nandigwira nkhope ndi manja onse awiri, ndipo ndinawauza zonse: zala, maluwa, mkazi, ana atatu. Pa ana atatuwo anandiimitsa kuti ndiwatchule mayina. Sindinawadziwe. Sindinawafunse.

Anakokera pafupi lichero la nandolo.

"Za ine anafunsa?"

"Anafunsa, amayi. Anathamangira sitima akufunsa ngati mulipo."

"Iwe unati chiyani?"

"Ndinati mulipo."

"Anamva?"

Ndinayang'ana manja awo pa lichero. Ndinati, "Anamva, amayi."

Anagwedeza mutu, n'kuyambanso kusola. Anakhala zaka zina zinayi, ndipo masiku onsewo lole ikaima pamsewu ankasiya chimene akuchita n'kutchera khutu. Ine ndakalamba tsopano, ndapitirira msinkhu umene anali nawo amayi tsiku limenelo, koma mpaka lero sindidziwa ngati ndinawauza zoona amayi anga.